Mjigo wa ku Bembeke ndi madzi a Zambezi: mafunso ndi mayankho

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mvula yoyamba, ulimi wa ku Bembeke umadalira madzi amene sagwa kumwamba. Kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nsawawa zimene zimadzaza msika wa pamphambano ya Bembeke mumsewu wa M1 zimakula ndi madzi a m'madambo, a m'zitsime ndi a m'timitsinje totsika m'mapiri. Kale alimi ankatunga ndi ndowa, kenaka kunabwera mapampu opondaponda, lero m'madimba mukulira injini za petulo ndipo mapampu a sola akuchuluka. Madzi omwewo ndi ena mwa madzi amene dziko la Malawi linalonjeza kugawana mwachilungamo ndi mayiko ena asanu ndi awiri. Mlimi, mfumu kapena mphunzitsi wa kwa Inkosi Kamenyagwaza akamva zimenezi, mafunso sangalephere.

Ku Bembeke kulibe mtsinje waukulu wowoloka malire. Nkhani yogawana madzi ndi mayiko ena itifika bwanji?

N'zoona kuti kulibe, ndipo si mwangozi. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana dera lino m'chaka cha 1891, anagwirizana kuti malire atsate msana wa mtunda umene umalekanitsa madzi opita kunyanja ya Malawi ndi opita ku Zambezi. N'chifukwa chake msewu wa M1, ukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Lizulu ndi ku Ntcheu, umayenda pamwamba, dzanja lina Malawi, dzanja lina Mozambique. Angoni a kwa Gomani sanafunsidwe. Anangodzuka n'kupeza kuti abale awo ena ali ku Angónia, dziko lina.

Mvula yogwa mbali ya Angónia imatsikira m'mitsinje yothira mu Revúbuè, umene umakalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Yogwa mbali yathu imatsata Linthipe, kapena imatsetsereka ndi mitsinje yolowera ku Mtakataka ndi Golomoti monga Namikokwe ndi Nadzipulu, mpaka m'nyanja. Nyanjayo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, lomwe ndi Shire. Shire amadutsa pa Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje, amatuluka m'dziko muno cha ku Marka, n'kukakumana ndi Zambezi mkati mwa Mozambique. Madzi amene asiyana njira pa Lizulu amakapezananso kumunsi. Kupatula madera othira m'nyanja za Chilwa ndi Chiuta, dziko lonse la Malawi lili m'dera limene madzi ake amathera mu Zambezi.

Chitsime ndi mtsinje n'zosiyana. Kutunga pansi kungachepetse bwanji madzi oyenda pamwamba?

Mvula ya kuno imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kuleka cha mu Epulo. Imani pakamtsinje mu Seputembala, mvula italeka kalekale, mudzifunse kumene madzi akuyendawo akuchokera. Nkhungu ndi mvula yowaza ya mu Juni ndi Julayi sizingadzaze khwawa. Madziwo akutuluka pansi.

Pansi pa mapiri a Dedza pali thanthwe lakalekale lolimba. Pamwamba pake linafumbutuka n'kusanduka dothi ndi miyala yoswekasweka, pena mamita ochepa, pena makumi awiri kapena atatu. Mvula yolowa pansi imakhazikika m'menemo ndi m'ming'alu ya thanthwe, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukatulukira pakasupe, m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje. Nthakayo ndi nkhokwe: dzinja limathiramo, ndipo chilimwe chonse mtsinje umadya za m'menemo. Akatswiri a yunivesite ya Strathclyde ku Scotland, pogwira ntchito ndi unduna woona za madzi, anasanthula zolembedwa za mitsinje yambiri ya m'dziko muno ndipo anapeza kuti m'chilimwe madzi oposa magawo 9 mwa magawo 10 a mumtsinje amachokera pansi pa nthaka.

Pampu ikamakoka madzi pafupi ndi dambo, imagwira madzi amene anali paulendo wopita kumtsinje. Ikakoka kwambiri, madzi a pansi amatsika kuposa a mumtsinje, ndipo ulendo umatembenuka: mtsinje umayamba kudontha kulowera kuchitsime. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mtsinje suyankha tsiku lomwelo. Chitsime cha m'mphepete mwenimweni chimaonetsa zotsatira zake m'masiku ochepa. Mjigo wa patali umatha kutenga miyezi kapena zaka. Pofika nthawi imene khwawa lauma, palibe amene akukumbukira kuti vuto linayamba liti, ndipo aliyense amaloza mvula. Kuzimitsa mapampu tsiku limenelo sikubweza madzi mawa lake, chifukwa dzenje lokumbika m'madzi a pansi limayamba ladzaza kaye mtsinje usanalandire kanthu.

Kodi dziko la Malawi linalonjeza chiyani kwenikweni?

Pali mapangano awiri ofunika. Loyamba ndi la mayiko a SADC lokhudza madzi ogawana, limene linakonzedwanso n'kusainidwa ku Windhoek pa 7 Ogasiti 2000 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2003. Lachiwiri ndi limene linakhazikitsa bungwe la Zambezi Watercourse Commission, lodziwika kuti ZAMCOM. Linasainidwa ku Kasane m'dziko la Botswana pa 13 Julayi 2004, linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo likulu lake lili ku Harare. Mamembala ake ndi Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe.

M'mapanganowa dziko lililonse linavomera kugwiritsa ntchito madziwo mwachilungamo ndi mosapyola muyeso, kupewa kuvulaza kwambiri mayiko anzake, kugawana zimene likudziwa za madzi, ndiponso kudziwitsa anzake lisanayambe ntchito yaikulu imene ingawakhudze. Pangano la SADC limapatsa dziko lodziwitsidwalo miyezi isanu ndi umodzi kuti liunike n'kuyankha.

Mfundo imene ambiri amaidumpha ndi yakuti mapanganowa akamatchula mtsinje amaphatikizapo madzi a pansi pa nthaka olumikizana nawo. Izi anatengera pangano la United Nations la 1997. Choncho kasupe wa ku Bembeke, ngakhale ali wamng'ono chotani, pamalamulo ndi gawo la Zambezi.

Chimene mulibemo ndi nambala. Mapanganowa sanena kuti Shire azidutsa pa Marka ndi malita akutiakuti.

Ngati mulibe nambala, si pangano lopanda mano limenelo?

Mano ake ndi ofooka, tisabise. Mikangano inayenera kumapita kubwalo la milandu la SADC, koma bwalolo linaimitsidwa mu 2010 litagamula mlandu wa minda mosakomera boma la Zimbabwe. Dziko lodandaula lero limadalira zokambirana.

Komabe mano ena ali m'thumba la obwereketsa ndalama. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ili ndi lamulo lakuti ntchito yotenga madzi mumtsinje wa mayiko angapo isalandire ndalama mayiko enawo asanadziwitsidwe. Ntchito ya mthirira ya m'chigwa cha Shire, yopatutsa madzi pa Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi ya mtundu umenewo.

Ndipo nambala zimabwera madzi akayamba kuchepa. Pa mtsinje wa Incomati, umene umachokera ku South Africa ndi Eswatini kupita ku Mozambique, minda ya nzimbe ndi madamu zitachuluka kumtunda, mayiko atatuwo anagwirizana ku Piggs Peak mu 1991 kuti pamalire a Ressano Garcia pazidutsa malita osachepera 2,000 pa sekondi. Mu 2002 anasainanso pangano lina lofotokoza gawo la dziko lililonse. Mozambique ndi dziko la kumunsi kwa mitsinje yambiri ya m'chigawo chino, ndipo linaphunzira kalekale kupempha nambala.

Tinene chilungamo: mijigo ya ku Bembeke ingachepetse madzi a ku Mozambique?

Lero ayi. Wokuuzani kuti mjigo wa pamudzi panu ukuumitsa Zambezi akukunamizani.

Tiwerengere limodzi. Mjigo wa pamanja, wa mtundu wa Afridev umene uli ponseponse, amaukonzera anthu 250. Aliyense akatunga malita 20 patsiku, ndiye kuti malita 5,000. M'zaka za madzi abwino Shire amadutsa pa Liwonde ndi malita oposa 300,000 pa sekondi imodzi. Komanso pakati pa Bembeke ndi Shire pali nyanja, imene madzi ake ambiri, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a otulukamo, amauluka ndi dzuwa osafika n'komwe pakhomo la ku Mangochi.

Mthirira ndiye nkhani ina. Milimita imodzi ya madzi pahekitala imodzi ndi malita 10,000. M'nyengo yotentha ya Seputembala ndi Okutobala mbewu za kudimba zimafuna mamilimita 4 kapena 5 patsiku. Hekitala imodzi ikumwa malita 40,000 mpaka 50,000, ofanana ndi mijigo ya pamanja isanu ndi itatu kapena khumi. Madzi akumwa ndi ophikira si amene amaumitsa mitsinje. Amene amaumitsa ndi othirira, makamaka pampu ikalowa m'malo mwa mkono wa munthu, umene umatopa.

Ngakhale zili choncho, woyamba kulira sadzakhala wa ku Marromeu kapena ku Chinde, kumunsi kwa Zambezi ku Mozambique. Adzakhala mnansi wa kumunsi kwa dambo lomwelo, kenaka mlimi wa mpunga wa kwa Inkosi Kachindamoto. Sikimu ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kuyamba ntchito cha m'ma 2000, imapatutsa madzi mu Namikokwe, mtsinje woyambira m'mitunda yomweyi. Kwa zaka zambiri madzi a m'chilimwe ankakhala osakwanira munda wonsewo. Zifukwa zake n'zingapo, koma lita iliyonse yotsalira kumtunda mu Okutobala ndi lita imene sifika pamenepo. Lamulo limene ZAMCOM ikufuna pakati pa Lilongwe ndi Maputo ndi lomwelo limene likufunika pakati pa Bembeke ndi Mtakataka.

Ndiye bwanji tivutike ndi vuto limene silinafike?

Chifukwa kuli anthu amene anaganiza chimodzimodzi, ndipo analipira. Ku United States zigawo zili ndi maboma awoawo ndipo zimasainirana mapangano a madzi ngati mayiko. Mu 1943 zigawo za Colorado, Nebraska ndi Kansas zinagawana mtsinje wa Republican: Nebraska magawo 49 pa 100 alionse, Kansas 40, Colorado 11. Olemba panganolo ankaganiza za madamu ndi ngalande. Zitsime zothirira zinali zochepa, ndipo palibe amene anazipatsa mutu.

M'zaka zotsatira kunabwera mapampu amphamvu ndi makina othirira ozungulira munda. Alimi anaboola zitsime zikwizikwi m'madzi a pansi otchedwa Ogallala. Aliyense ankaboola m'munda mwake, motsata malamulo a kwawo, ambiri kutali ndi mtsinje. Palibe mlimi mmodzi amene akanatchedwa wakuba madzi. Koma timitsinje tothira mu Republican tinayamba kuchepa, ndipo Kansas, chigawo cha kumunsi, inakasuma ku khoti lalikulu la dzikolo mu 1998. Nebraska inayankha kuti panganolo likunena za mtsinje, osati zitsime. Yankho limenelo linakanidwa: madzi a pansi amene kupopa kwake kukuchepetsa mtsinje ayenera kuwerengedwa. Mu 2002 zigawo zitatuzo zinagwirizana njira yowerengera pakompyuta kuchuluka kwa madzi amene zitsime zikulanda mtsinje. Chilala chitabwera, Nebraska inapyola gawo lake mu 2005 ndi 2006, ndipo mu 2015 khotilo linalamula kuti ilipire Kansas madola 5.5 miliyoni. Mbali ina ya ndalamazo inali yobweza zimene Kansas inataya, mbali ina inali yolanda phindu limene Nebraska inapeza pogwiritsa ntchito madzi a eni.

Si mlandu umodzi wokha. Pa mtsinje wa Arkansas khoti lomwelo linapeza mu 1995 kuti zitsime za ku Colorado zinachepetsa madzi a Kansas, ndipo mu 2005 Colorado inalipira madola oposa 34 miliyoni.

Nanga Nebraska ndi Colorado anatani kuti akwaniritse pangano la Republican?

Apa ndiye pamene panawawa kuposa chindapusa. Ku Nebraska mabungwe a m'madera oyang'anira zachilengedwe analetsa kuboola zitsime zatsopano zothirira, anaika mamita pazitsime, ndipo anapatsa mlimi aliyense muyeso wa madzi. Kumtunda kwa Republican muyesowo unali pafupifupi mainchi 13 pachaka paekala iliyonse. Zimenezo zitalephera kukwanira m'zaka za chilala, mabungwe anayi anagula munda wa maekala oposa 19,000 mu 2012, anausiyitsa kuthirira, n'kumapopa madzi a pansi pake kuwathira mumtsinje kuti akawerengedwe pamalire. Colorado nayo inamanga mpope wa ntchito yomweyo, inakhuthula damu la Bonny chifukwa madzi ouluka ndi dzuwa pamenepo ankawerengedwa pa gawo lake, ndipo inavomera kuchotsa pa mthirira maekala 25,000 pofika 2029.

Taonani mapeto ake. Anthu akupopa madzi pansi kuti abweze madzi amene anasowa chifukwa chopopa pansi. Alimi akulipira msonkho paekala yothiriridwa kuti mnzawo alipidwe poleka kuthirira. Mayiko olemera angakwanitse zoterezi. Malawi sangagule minda ya anthu a ku Dedza, ndipo mlimi wa theka la ekala alibe kwina kopita. Kwa ife njira yotsika mtengo ndi kudziwa msanga kuti zitsime zili kuti, zikukoka madzi ochuluka bwanji, ndipo madzi a pansi akutsika kapena ayi.

Malamulo a dziko lino akuti chiyani pa zokumba mijigo?

Lamulo la madzi la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1969, limanena kuti madzi onse, a pamwamba ndi a pansi, ali m'manja mwa boma m'malo mwa anthu. Kukhala mwini munda sikukupangani kukhala mwini madzi a pansi pake. Lamulolo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka ziphaso. Madzi a pakhomo, akumwa, ophikira ndi ochapira, safuna chiphaso. Wotenga madzi ambiri othirira kapena a bizinesi amafunika chiphaso, makampani oboola mijigo ayenera kulembetsedwa, ndipo zimene apeza poboola ziyenera kukafika kubungwelo. Lamulolo limalolanso kukhazikitsa makomiti oyang'anira dera lonse la mtsinje umodzi. Dziko lino linagawidwa m'madera a madzi 17, ndipo madzi a boma la Dedza amagwera kwakukulukulu m'dera la Linthipe ndi m'dera la mitsinje ya kumwera chakumadzulo kwa nyanja.

Papepala zonsezi zili bwino. Kumudzi, mijigo imabwera ndi mpingo, ndi bungwe lothandiza, ndi phungu chisankho chikayandikira, ndi mwana wa pamudzi amene ali ku Johannesburg. Onsewa ndi a mtima wabwino, ndipo madzi oyera apulumutsa ana ambiri ku kolera. Koma pepala lonena kuya kwa mjigo, pamene madzi anapezeka ndi mphamvu yake nthawi zambiri limachoka ndi galimoto yoboolera. Zitsime zosaya za m'madimba, zimene zili pafupi kwambiri ndi mitsinje, sizilembedwa paliponse.

Pamwamba malire akutsata msana wa mtunda. Pansi pa nthaka nawonso ali pomwepo?

M'dera la mapiri ngati lino madzi a pansi amakonda kutsata kupendekeka kwa nthaka ya pamwamba, choncho malire awiriwa sasiyana kwambiri. Koma a pansiwo amasuntha. Mbali imodzi ikapopa kwambiri, madzi a mbali inayo amayamba kulowera kumeneko, osadutsa pa chipata cha Dedza kapena Calómuè. Kwa nthawi yaitali mapu ankaonetsa malo atatu okha a madzi a pansi amene Malawi amagawana ndi mayiko ena. Kafukufuku wa akatswiri a ku Strathclyde omwe aja, wofalitsidwa mu 2018, anapeza malo 38, ambiri aang'onoang'ono. Kuchepa kwawo ndi kumene kumachititsa kuti nkhaniyi ikhale ya midzi ya m'malire kuposa ya nduna.

Ku chigwa cha Shire, bungwe la SADC loona za madzi a pansi linagwirapo ntchito ndi Malawi ndi Mozambique younika mtsinje ndi madzi a pansi pake ngati chinthu chimodzi. Kumwera kwa Africa kuno kuli kale chitsanzo chopita patali: mu 2017 Botswana, Namibia ndi South Africa anagwirizana zoyang'anira limodzi madzi a pansi a Stampriet, pansi pa bungwe lawo la mtsinje wa Orange.

Kodi iyi si njira yoletsera osauka kuthirira pamene makampani a nzimbe akumwa Shire mmene akufunira?

Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo aliyense wobwera ndi nkhani ya ziphaso kumudzi ayenera kuwayankha asanatulutse fomu. Ulimi wa m'dimba ndi umene umalipira sukulu ku Bembeke. Boma lenilenilo lakhala likulimbikitsa mthirira kwa zaka zambiri, ndipo linkagawa mapampu opondaponda njala ya 2002 itadutsa. Kubwera lero n'kuika mita pamjigo wa pamudzi kapena kulipiritsa mayi wothirira mpiru ndi ndowa kungakhale kupusa ndi nkhanza.

Koma kusalemba kalikonse sikuteteza wosauka. Tsiku limene mayiko adzakhale pansi kugawana ndi manambala, adzawerenga madzi amene akugwiritsidwa kale ntchito. Esiteti ya nzimbe idzabwera ndi chiphaso chake ndi mabuku a zaka makumi angapo. Alimi zikwizikwi a m'madambo a Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe, amene madzi awo sanalembedwe, adzaoneka ngati kulibe, ndipo gawo lawo silidzasungidwa. Chimodzimodzi pamudzi: wolemera akaboola mjigo wakuya n'kuikapo pampu yaikulu, zitsime zosaya za anansi ndi zimene zimayamba kuuma. Popanda cholembedwa cha mmene madzi analili kale, adzakana, ndipo kubwalo la amfumu sipadzakhala umboni. Kulembetsa wamng'ono kukhale kwaulere ndi kosavuta, mwina kudzera m'kalabu kapena m'sikimu yonse pamodzi. Ziphaso, mamita ndi malire zikhale za mapampu aakulu.

Pampu ya sola ndi yabwino ku chilengedwe. Vuto lake lili pati?

Ubwino wake ndi womwenso uli vuto lake. Wothirira ndi ndowa amaleka msana ukawawa. Wa injini amaleka petulo akatha, ndipo ndi mitengo ya mafuta ya masiku ano amawerenga dontho lililonse. Wa sola akangogula, madzi ndi aulere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo dzuwa limawala kwambiri m'miyezi yomweyo imene madzi a pansi ali otsika. Amene anaonapo thanki ikusefukira masana onse popanda wozimitsa akudziwa zimene zikunenedwa pano.

Thanthwe la kuno limatiteteza pang'ono, chifukwa silipereka madzi ambiri pamalo amodzi. Mijigo yambiri ya m'nthaka yotere sifika lita imodzi pa sekondi. Pampu yoposa mphamvu ya mjigo imangokoka mpweya n'kupsa. Ndiye chiopsezo cha ku Bembeke si chitsime chimodzi chachikulu ngati za ku Nebraska, koma mapampu ang'onoang'ono ambirimbiri ondandana m'dambo limodzi.

Mudzi kapena kalabu ya alimi ingachite chiyani popanda kudikira boma?

Choyamba ndi chingwe ndi kope. Sankhani zitsime ziwiri kapena zitatu, china kumtunda china kumunsi kwa dambo, muziyeza kuya kwa madzi tsiku limodzi mwezi uliwonse, m'mawa anthu asanayambe kutunga. Lembaninso tsiku limene kamtsinje kanaleka kuyenda chaka chimenecho ndi tsiku limene kanayambiranso. Ntchitoyi mwana wa Sitandade 7 angaigwire, ndipo sukulu za ku Bembeke zingaisandutse phunziro. Chaka chimodzi sichinena kanthu. Zaka zisanu zimaonetsa ngati madzi akubwerera pamalo pake dzinja lililonse kapena akutsikiratsikira, ndipo zimasiyanitsa chilala ndi kupopa. Wobwera kudzaboola mjigo asachoke asanasiye pepala lake kwa komiti ya mjigo.

Chachiwiri ndi kugwirizana dongosolo la chaka choipa chakacho chisanafike. Madzi akumwa ayambe, ziweto zitsatire, ndipo othirira adziwiretu kuti chingwe chikafika pamfundo yakuti, kuthirira kuzikhala kwa masiku osinthana. Zoterezi zimamveka mu Meyi aliyense ali ndi madzi. Mu Okutobala zimathera kwa amfumu.

Zotsalazo alangizi akhala akuzinena: akalozera ndi vetiva m'minda yotsetsereka kuti mvula ilowe pansi m'malo mothamanga, kuphimbira mbewu ndi mapesi, kuthirira m'mawa kapena madzulo, kusiya udzu ndi mitengo yachilengedwe m'mphepete mwa khwawa. Bulugamu ndi wa ndalama ndipo palibe amene angamuletse ku Dedza, koma malo ake si pamutu pa dambo kapena pakasupe. Nkhalango za Chongoni, phiri la Dedza ndi za m'matsitso olowera kunyanja zimathandizanso kuti mvula ilowe m'nthaka, ndipo thumba lililonse la makala lochokera kumeneko lili ndi mtengo wake m'madzi a mu Okutobala.

Tikungomva za udindo wathu. Nanga mayiko ena ali ndi udindo wanji kwa ife?

Malawi ndi dziko la kumtunda kwa Mozambique, koma ndi la kumunsinso. Mtsinje wothira madzi ambiri m'nyanja yathu ndi Ruhuhu, ndipo uli ku Tanzania. Songwe timagawana ndi Tanzania, Ruo ndi Mozambique. Magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi akumwa a mzinda wa Blantyre ndi mthirira wa ku Chikwawa zonse zimadalira kuti nyanja ikhale pamwamba mokwanira kusefukira mu Shire. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire analeka kutuluka. Mu 2016 ndi 2017 inatsikanso, ndipo kuzima kwa magetsi kwa nthawi imeneyo anthu sanakuiwale. Chipata cha Kamuzu pa Liwonde, chomangidwa mu 1965, chimathandiza kusunga ndi kutulutsa madzi, koma sichipanga madzi.

Tanzania ikadzafuna damu lalikulu kapena mthirira waukulu pa Ruhuhu, Malawi adzatsegula mapangano omwewa n'kufunsa kuti atenga madzi ochuluka bwanji, m'miyezi iti, ndipo zitsime za m'deralo zikuwerengedwa kapena ayi. Mozambique ili ndi ufulu wofunsa Malawi mafunso omwewo pa Shire. Mayiko a ZAMCOM anagwirizana zotumiza zolembedwa za mvula ndi mitsinje kumalo amodzi ku Harare, ndipo zimene Malawi angatumize za madzi a m'chilimwe zimayambira pa zoyezera za mu Linthipe ndi Namikokwe, ndi pa zitsime za m'mitunda imene mitsinjeyo imachokera.